Odeon ya ku Lewisham inali pati, nanga anaigumuliranji?

Nambewe SE13: Odi pagulu. Funso langa likupita kwa akuluakulu amene munafika kuno kalekale. Agogo ena amene ndimawasamalira ku ntchito sakhalitsa osatchula "Gaumont". Akuti ndi komwe anadziwanirana ndi malemu amuna awo, ndipo akuti inali pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Lewisham. Ine pamalopo ndimangoona mafulati ataliatali ndi mabasi. Chinthuchi chinalikodi kapena ndi ukalamba chabe?

Malume Chisale: Si ukalamba, mwana wanga, agogowo akunena zoona. Inali nyumba ya kanema kuno ku London, kumayambiriro kwa msewu wa Loampit Vale, pomwe msewuwo umakumana ndi High Street. Ine pofika kuno m'ma 1970 ndinaipeza ikutchedwa Odeon, koma azungu achikulire ankatibe Gaumont. Ndinalowamo ndithu. Anaigumula mu 1991.

Nambewe SE13: Aa, zikomo amalume. Ndiye inali yaikulu bwanji kuti munthu aziikumbuka mpaka lero?

Tadala K: Ndilowepo, amalume, poti izi ndi zimene ndikuphunzira. Inatsegulidwa mu Disembala 1932, dzina lake lili Gaumont Palace, ndipo munali mipando 3,050. Anajambula mapulani ndi W. E. Trent, yemwe anali mkulu wa zomangamanga ku kampani ya Gaumont British. Achemwali a Nambewe, tangoganizani anthu 3,050 m'chipinda chimodzi, onse maso pa chinsalu chimodzi. Zipinda za kanema za masiku ano zambiri sizifika ngakhale pa anthu 300.

Wa ku Ndirande: Anthu 3,000 kuonera filimu imodzi? Kwathu kuno pa vidiyo sho tikakwana 40 mpweya watha, mwini wake ayamba kutulutsa ana.

Kondwani Saiti: Koma bwanji anakamanga chinyumba chotere ku Lewisham, osati pakati pa tauni? Nthawi imeneyo kunali anthu oti n'kudzaza?

Tadala K: Anthu anali komweko, achimwene. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, London inafutukukira kunja. Njanji za kumwera anaziika magetsi, khonsolo inamanga nyumba zambirimbiri ku Downham ndi ku Bellingham, ndipo Lewisham ndi pomwe sitima, mabasi ndi matramu zinkakumanirana. Munthu wa ku Downham sakanapita ku Leicester Square, pakati pa tauni, mlungu uliwonse, mtengo wa ulendo ndi wa tikiti ukanamupweteka. Ndiye makampani anaganiza zomutengera ulemerero wa mumzinda pakhomo pake. Komanso mafilimu olankhula anali atangoyamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, timaholo takale tambiri sitinkayenera makina atsopanowo. N'chifukwa chake m'zaka zochepa zokha kunaphuka zinyumba izi m'mbali zonse: Astoria ku Brixton mu 1929, Astoria ku Finsbury Park mu 1930, Granada ku Tooting mu 1931, Gaumont Palace ku Hammersmith mu 1932 momwemo, mpaka Gaumont State ya ku Kilburn mu 1937, ya mipando 4,004.

Mayi Phiri ku Joni: Akuti zinyumba zambiri za nthawi imeneyo ndi za art deco, nanga kamangidwe kameneka n'kotani kwenikweni? Ndimangomva anthu akutchula kuno ku Johannesburg.

Tadala K: Mayi, ndi kamangidwe kamene kanatchuka pambuyo pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1925. Anasiya zija za maluwamaluwa ndi zipilala zosemasema za nthawi ya Victoria, n'kuyamba mizere yowongoka, ngodya zokhota bwino, zitsulo zonyezimira, magalasi, ndi nyali zobisika kuseri kwa pulasitala kuti denga liziwala lokha babu osaoneka. Chinali chizindikiro choti munthu walowa m'nyengo yatsopano ya magalimoto, ndege ndi magetsi.

Malume Chisale: Tadala wanena za m'mabuku, ine ndinene za m'maso. Kunja sikunali kodabwitsa kwambiri, chinali chinyumba chachikulu basi, mashopu m'munsi. Chimene chinkakugwira mtima ndi ukalowa. Ukadutsa pogulira tikiti, kapeti pansi, masitepe otakata, kenako n'kutulukira m'holo momwemo, denga lili kutali. Ndipo musaiwale amene ankalowamo poyamba paja. Ambiri kwawo kunalibe bafa m'nyumba, chimbudzi chili panja, chipinda chofunda chili chimodzi chokha cha moto wa malasha. Munthu wotere alipire makobiri ochepa, alandiridwe ndi wantchito wovala yunifomu, amuunikire ndi tochi mpaka pampando wawofuwofu, akhale pofunda maola atatu. Filimu ikhale yabwino kapena yoipa, iye wapindula kale. Agogo anuwo, Nambewe, sakukumbuka filimu ayi. Akukumbuka tsiku limene analemekezedwa.

Nambewe SE13: Zoonadi amalume, sananditchulirepo filimu ndi imodzi yomwe. Amangonena za diresi limene anavala ndi limba.

Wa ku Ndirande: Limba? Ku kanema kapena ku tchalitchi?

Tadala K: Ku kanema komweko. Maholo akuluakulu amenewa ankakhala ndi limba la mapaipi, la ku Lewisham linali la kampani ya Compton. M'malo ambiri woimbayo ankatulukira pansi pa siteji atakhala kale pa limba lake, chikepe chikumukweza, iye akuimba. Ndipo tikiti imodzi sinali ya filimu imodzi. Pankakhala filimu yaikulu, ina yaing'ono, nkhani za m'dziko zojambulidwa, ndi nyimbo za limba pakati. Zinkangozungulira osaima, munthu ukalowa pakati pa filimu umakhala mpaka ifikenso pomwe unaipeza.

Malume Chisale: Ndipo usiku pomaliza ankaimba nyimbo ya fuko, anthu n'kumathamangira kukhomo isanayambe kuti asaimirire. Utsi wa fodya nawo, eee. Kuwala kochokera ku makina kunkaoneka bwinobwino mu utsimo.

Bambo a Chikondi: Nanga dzina linasintha liti kukhala Odeon? Ndimayesa Gaumont ndi Odeon anali opikisana.

Tadala K: Anali opikisana poyamba. Odeon inali ya Oscar Deutsch, Gaumont British inali m'manja mwa abale a banja la Ostrer. Mu 1941 Deutsch anamwalira, ndipo chaka chomwecho J. Arthur Rank, mwana wa mwini zigayo za ufa wa tirigu, anakhala ndi mphamvu pa makampani onse awiri. Patapita zaka anayamba kufafaniza dzina la Gaumont pang'onopang'ono. Ya ku Lewisham munabuka moto mu 1962, itakonzedwa inatsegulidwanso chaka chomwecho ili Odeon.

Bambo a Chikondi: Ndiye kuti pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inapulumuka, n'kudzapsa pa mtendere.

Tadala K: Inde, ndipo Lewisham inaphulitsidwa kwambiri. Pa 28 Julaye 1944 bomba louluka la V-1 linagwera pamsika, pafupi pomwepo, n'kupha anthu opitirira 50. Nkhondo itangoyamba mu Seputembala 1939 boma linatseka nyumba zonse za kanema poopa kuti anthu angafere pamodzi, koma sipanathe nthawi linazitsegulanso. Anthu ankapita kuposa kale. Mu 1946 matikiti ogulidwa mu Britain monse anafika 1,635 miliyoni, chiwerengero chimene sichinafikidweponso.

Kondwani Saiti: Chabwino. Ndiye inafa bwanji? Ndiuzeni za ndalama, chifukwa nyumba siigwa ndi chisoni.

Malume Chisale: TV, Kondwani. Mwambo woveka ufumu Elizabeth mu 1953 unagulitsa ma TV ambiri, kanema wa ITV n'kubwera mu 1955. Nyumba za anthu nazo zinayamba kufunda. Munthu atulukirenji mu Januwale, mvula ili waa, pamene pabalaza pake pali chithunzi? Nthawi imene ine ndinkalowamo, tsiku la pakati pa mlungu, umatha kuwerenga mitu ya anthu. Khonde la m'mwamba lija lili gwaa, mipando mizeremizere yopanda munthu, ndipo kunkazizira moti jekete sunkavula. Kufunditsa holo imeneyo kunali ngati kuphika nsima ya ukwati alendo n'kubwera khumi.

Tadala K: Pofika 1984 matikiti aja anatsika kufika 54 miliyoni. Kuchoka pa 1,635.

Kondwani Saiti: Basitu, nkhani yatha pamenepo. Bizinesi yatha, nyumba igwe. Ine ndimagwira ntchito pa saiti, ndikudziwa mtengo wokonza denga la chinyumba chotero. Mkati mwa nyumba zakalezi mumakhala asibesitosi, mawaya akalekale, pulasitala yolendewera pa zingwe zowola. Anthu amene amalira kuti musagumule sakhala amene adzalipire.

Mphatso Woolwich: Ayi achimwene, musafulumire. Bizinesi ya mafilimu inatha kwa onse, koma si onse anagwa. Bwerani ku Woolwich mudzaone. Pali ziwiri zoyang'anizana, Granada ndi Odeon, zonse za 1937, zonse zili chiimire. Mu Granada mumapemphera a Christ Faith Tabernacle, mu Odeon muli a New Wine Church. Ya ku Kilburn ija ili ndi a mpingo wa Ruach. Ya ku Finsbury Park ili ndi a mpingo wa UCKG. Ndani anazipulumutsa? Ndi anthu obwera ngati ife tomwe, a ku Nigeria, a ku Ghana, a ku Caribbean, a ku Brazil, ndi chakhumi chawo. Eni dziko anali atazitaya.

Wa ku Ndirande: Ndiye mukuti m'mene munkapsompsonana azungu muja lero mukutuluka ziwanda?

Mphatso Woolwich: Sekani, koma denga silikudontha.

Malume Chisale: Pamenepa pali zoseketsa zina. Chaka chomwe Gaumont Palace inatsegulidwa, 1932, ndi chimene nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lolola kanema Lamulungu, ndipo amipingo ambiri ankalimbana nazo kwambiri, ankati kanema akulanda anthu ku tchalitchi. Lero tchalitchi ndiye chakhala pa mipando ya kanema.

Tadala K: Komabe a Mphatso, tisadumphe bingo. Mipingo isanabwere, amene anasunga nyumba zambiri ndi juga imeneyi. Lamulo la 1960 linalola makalabu a bingo, ndipo eni maholo anaona kuti amayi omwe aja ankabwera ku filimu akhoza kubwera kudzachonga manambala. Bingo sinkafuna kugwetsa makoma, ankangosalaza pansi n'kuika matebulo, zokongoletsa zonse n'kutsala. Granada ya ku Tooting mpaka lero ndi ya bingo, ndipo ili pa Grade I, mlingo wapamwamba kwambiri wotetezera nyumba zakale. Za ku Woolwich ndi Kilburn zimene mwatchulazo, Granada ndi State, zinadutsanso mu bingo. Mpingo unalandira chimene bingo inasunga.

Mphatso Woolwich: Sindikukana. Koma bingo itayamba kufooka, ndani wina akanagula holo ya anthu zikwi?

Nambewe SE13: Ndiye ya kwathu kuno inalakwa chiyani? Bingo sinaifune, mpingo sunaifune?

Malume Chisale: Chimene chimandipweteka ine n'chakuti ya ku Lewisham inali ndi ntchito ina kale, yoimbiramo. Inali ndi siteji yeniyeni. The Beatles anaimbamo kawiri mu 1963, mu Malichi ndi mu Disembala. David Bowie mu 1973. Queen mu Disembala 1979. The Who anaimbamo mu Febuluwale 1981, ndipo patangopita masiku ochepa, pa 14 Febuluwale, zitseko zinatsekedwa. Usiku wa oimba, pamsewu sipankadutsika. Si nyumba imene inasowa anthu ayi, inasowa mwini woiona ndi diso lina. A Rank mutu wawo unali pa mafilimu ndi pa kuchepetsa zotayika.

Tadala K: Apa ndikugwirizana ndi amalume. Taonani ya ku Hammersmith: chaka chimodzi, kampani imodzi, kukula kofanana. Inasiya mafilimu n'kukhala ya oimba okhaokha, lero ndi Apollo yotchuka ija. Ya ku Brixton inali itatsala pang'ono kutayika, koma mu 1983 mnyamata wina, Simon Parkes, anaitenga pa lendi ya paundi imodzi n'kuisandutsa Brixton Academy. Zaka ziwiri zokha Lewisham itatsekedwa. Kukula kumene kunapha ya ku Lewisham pa mafilimu ndi komwe kukanaidyetsa pa nyimbo. Maholo ena m'ma 1970 ankawadula patatu kuti azionetsa mafilimu atatu, iyi inatsala yathunthu.

Kondwani Saiti: Koma kumwera kwa mtsinje wa Thames kukanakhala maholo awiri otere, Brixton ndi Lewisham, onse n'kumadzaza? Mwina Brixton inakhala moyo chifukwa Lewisham inafa. Musamawerenge ngati aliyense akanapambana.

Tadala K: Mwina. Koma Lewisham ili ndi sitima zochokera ku Kent konse, ndipo sitima za DLR zinafika mu 1999. Anthu akanabwera.

Kondwani Saiti: 1999 ndi zaka 18 chitsekereni. Ndani akanalipira mlonda ndi denga zaka zonsezo podikira sitima?

Bambo a Chikondi: Ndikumbutseko za nthawi imeneyo, chifukwa tikulankhula ngati Lewisham ya 1981 ndi ya lero. Mu Ogasiti 1977 a chipani cha tsankho cha National Front anaguba kuchokera ku New Cross, kunali nkhondo ya miyala mpaka pa High Street. Mu Januwale 1981, mwezi umodzi holoyi isanatsekedwe, moto wa ku New Cross Road unapha achinyamata akuda 13 pa phwando. Ntchito kunalibe, madoko a pa Thames anali akutsekedwa. Amene anali ndi ndalama sankayang'ana kuno, ndipo anthu akuda a kuno anali ndi maliro, osati nkhani ya pulasitala.

Malume Chisale: Mwanena zoona, bambo. Masiku amenewo sitinkayenda tokhatokha usiku.

Mayi Phiri ku Joni: Kuno tinali ndi Colosseum pa Commissioner Street, ya 1933, nayonso ya kamangidwe komweko. Anaigumula mu 1985, anthu ena analira kwambiri. Koma apongozi anga, amene anagwira ntchito m'tauni muno zaka zambiri, ankati iwo sanalire, chifukwa khomo limenelo munthu wakuda sankalowa. Ndiye ndifunse amalume: ku Lewisham inu ankakulolani bwinobwino?

Malume Chisale: Ankatilola, mayi. Lamulo la tsankho ngati la kumeneko kunalibe. Maso okha ndiye analipo, ndi mawu ena pamzere wa matikiti. Koma magetsi akazima aliyense ndi mutu chabe. Kwa ine wochokera ku Apollo ya ku Blantyre, komwe a bungwe lounika mafilimu ankadula paliponse pamene mwamuna wayandikira mkazi, chodabwitsa chinali kuona filimu yathunthu, nkhani n'kumamveka.

Wa ku Ndirande: Kkkk amalume, ndiye munkapitira zimenezo.

Malume Chisale: Iwe, ndine mkulu wa mpingo tsopano.

Nambewe SE13: Nanga lamulo loteteza nyumba zakale silinaigwire bwanji? Tooting ili Grade I, iyi ayi?

Tadala K: Nthawi ndi imene inaipa. M'ma 1970 akatswiri ambiri ankaona nyumba za m'ma 1930 ngati zachabechabe, zamalonda, zosayenera kuikidwa pamodzi ndi matchalitchi akale. Mabungwe omenyera nyumba zoterezi analipo, Cinema Theatre Association inayamba mu 1967, Thirties Society mu 1979, koma mawu awo anali asanalemere. Chimene chinadzutsa anthu ndi fakitale ya Firestone pa Great West Road, imene eni ake anaigumula mothamanga pa holide ya mu Ogasiti 1980 itatsala pang'ono kutetezedwa. Nduna Michael Heseltine zitatero anateteza nyumba zambiri za nyengo imeneyo. Koma zimene zinkasankhidwa msanga ndi zamkati modabwitsa, monga Tooting yooneka ngati kachisi. Ya ku Lewisham inakhala yotseka zaka 10, ndipo nyumba yotseka imaonongeka msanga: madzi, nkhunda, akuba zitsulo. Pofika 1991 okonza misewu ankafuna malowo, panalibenso wolimbana nawo mwamphamvu.

Kondwani Saiti: Ndipo msewu unkafunikadi. Amene munayendetsapo galimoto pa A20 mukudziwa.

Bambo a Chikondi: Unkafunika, koma taonani zotsatira zake. Anagumula holo kuti pakhale raundabauti. Raundabauti ija inakhala chinthu chodedwa ndi aliyense woyenda pansi, kuchoka pa siteshoni kupita kumsika unkachita kupemphera. Patangotha zaka makumi awiri ndi pang'ono anaifafanizanso pa ntchito yokonzanso deralo ya Lewisham Gateway, n'kumanga mafulati amene Nambewe akuonawo. Holo inaima zaka pafupifupi 60. Chimene anaigwetsera sichinafike ndi theka lomwe.

Kondwani Saiti: M'mafulatimo mukugona anthu, bambo. M'holomo munkagona nkhunda.

Nambewe SE13: Anthu ake ati achimwene? Lendi yake mwaifunsa? Ine ndi malipiro anga sindingayese n'komwe.

Tadala K: Ndiwonjezere za mipingo, kuti a Mphatso asapite ndi chikho chonse. ABC ya ku Catford itatsekedwa mu 2001 n'kukhala tchalitchi, dera lonse la khonsolo ya Lewisham linatsala lopanda nyumba ya kanema ndi imodzi yomwe kwa zaka zambiri, anthu ankapita ku Greenwich kapena ku Peckham. Ku Walthamstow nako, mpingo unagula Granada yakale, imene inatsekedwa mu 2003, khonsolo inakana kuti ikhale tchalitchi, nyumba n'kukhala yotseka zaka zambiri ikuonongeka. Inatsegulidwanso mu 2025 ngati Soho Theatre Walthamstow khonsolo itaigula. Ndiye anthu a m'deralo akamadandaula si nthawi zonse pamene chili tsankho. Nyumba ikhoza kupulumuka koma anthu oyandikana nayo n'kuitaya ndithu, chifukwa si aliyense angalowe mu tchalitchi cha eni ake.

Mphatso Woolwich: Khomo la tchalitchi ndi lotsegula kwa aliyense, ndiponso salipiritsa tikiti.

Wa ku Ndirande: Salipiritsa polowa. Nanga mbale ija imazungulira kangati?

Mphatso Woolwich: Inu khalani ku Ndirande komweko. Nambewe, kandimverere anakanena za m'maluwa. Ngati mukufuna kudziwa chimene agogo anuwo akunena, bwerani ku Woolwich Lamulungu mudzakhale pansi pa denga lotero. Sitima yochokera ku Lewisham ndi yachindunji.

Tadala K: Kapena ku Tooting, koma kumeneko muyenera kulembetsa ngati wosewera bingo.

Malume Chisale: Ine ku bingo sindipita, anthu angandijambule. Ku Woolwich ndibwera, bola wina adzanditenge pa siteshoni, mawondowa masitepe sakuwafunanso.

Nambewe SE13: Lamulungu lino ndili pa shifiti. Linalo ndili omasuka. A Kondwani mubwera?

Kondwani Saiti: Ndibwera kudzaona denga. Ndikapeza mng'alu ndijambula ndiponye pagulu pano.

Mphatso Woolwich: Bwerani ndi makwerero anu omwe. Mapemphero amatenga nthawi, mudyeretu.